Mlomo wa Msewu

A Coetzer anandipeza pa ngodya ina ku Rosettenville
nditakwezera m'mwamba katoni yolembapo luso langa.
Anati kunja kwa geti yawo kwaphwasuka, ntchito ya masiku atatu.
Ndinavomera ndisanaone n'komwe malowo,
lendi ya chipinda inali itandigwira pakhosi.

Mizu ya jakaranda inali itatukula masilabu
ngati munthu wokankha bulangete m'mawa wotentha.
Ndinasomeka piki kamodzi, kawiri,
kachitatu galimoto ya khonsolo inaima kumbuyo kwanga.

Munatsika Mayi Maluleke, tepi ili m'chiuno.
"Taimani kaye. Chilolezo chili kuti?"
Mtima unagwera m'jombo.
Ku Joni kuno mawu amenewo
ndimawamva ndi miyendo, makutu amabwera pambuyo.
Dzanja linali litafika kale m'thumba la pasipoti
pamene anaseka nati sakufunsa za ine,
akufunsa za dothi.

Kani nalo dothi limayendera mapepala!

Anatambasula tepi kuchokera pa mpanda kufika pa phula.
Apa ponse, anatero, si pabwalo pa a Coetzer
ngakhale amalipira mnyamata wosesapo Loweruka.
Ndi pa mzinda, pa aliyense wobadwa ndi mapazi
ndi amene mapazi anamukana.
Pansipa pagona mapaipi, pagona nthambo,
piki yosaodira imathimitsa nyumba makumi awiri
n'kutumiza wokumbayo kwawo m'bokosi.

Tinadikira sitampa masabata awiri.
Bwana anatukwana khonsolo m'chilankhulo cha amayi awo,
ine ndinadya buledi wouma ndi tiyi wa ngongole.

Pepala litabwera linali ndi zonena zambiri kuposa apongozi.
Njira ikhale yotakata, anthu awiri apatukirane osagundana.
Ipendekeke pang'ono chabe kuloza ku ngalande
kuti mvula ya masana, ija yobwera ndi matalala,
isapeze pogona.
Mizu isadulidwe mwakuba, mtengowo uli ndi eni ake ku ofesi.
Pokumba pazingidwe ndi lamba wofiira, usiku pasasiyidwe dzenje.
Ndipo pa ngodya, mlomo wa msewu utsike
mpaka upsompsone phula.

Bwana ankafuna miyala ikuluikulu ndi zitsamba zaminga
kuti odikira maganyu asamakhalepo.
Ananena zimenezi akuyang'ana ine,
osakumbuka pamene ananditola.
Ndinawaonetsa mzere wachinayi wa pepala,
chala changa chakuda ndi simenti chili pansi pa mawuwo.
Aka kanali koyamba pepala la boma kuima mbali yanga.

Ndinasalaza mchenga, ndinasinja,
ndinayala njerwa imodziimodzi, bondo lili pa thumba la simenti,
kadontho ka mu levulo kakundiyang'ana ngati diso la mphunzitsi.
Mayi Maluleke anabweranso, anathira madzi a m'botolo lawo,
tonse awiri tinawaperekeza ndi maso mpaka m'ngalande.
Anasayina osanena kanthu. Kwa iwo ndiko kuyamika.

Lachinayi ndi tsiku la mabini m'dera limenelo.
Ndikutsuka fosholo ndinaona mkulu wina wovala chisoti cha ubweya
akukoka ngolo ya mabotolo yotalika kumuposa.
Anafika pa ngodya, anakunga mapewa kudikira kugunda kwa masiku onse,
koma matayala anangokwera, myaa.
Anapitirira osacheuka.
Sanadziwe kuti pali woti amuthokoze,
ndipo ndinaona kuti ntchito yatheka.

Masiku a m'pasipoti yanga atha mwezi wa mawa.
Njirayi ili ndi sitampa yosatha.
Koma kuseri kwa mwala womaliza, mbali yoyang'ana ku mtengo,
kumene tepi siifika,
ndinadinda chala chachikulu simenti ili yaiwisi,
monga anandidinditsira pa Beitbridge,
kungoti apa palibe anandiuza kuti ndidinde.